Kodi ndingaike Linux pa SSD yeniyeni kudzera mu VirtualBox?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene anachitapo zimenezi. Ndimaphunzitsa achinyamata kompyuta kuno ku Mzuzu, cha ku Chibavi, ndipo tili ndi laputopu yakale yomwe ikugwirabe ntchito, kungoti mapoti ake onse a USB anafa ndipo ilibe polowetsa DVD. Popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, komanso makinawa alibe TPM 2.0 (chipangizo cha chitetezo) yomwe Windows 11 imafuna, ndatsimikiza zoikamo Linux Mint 22.

Ndamasula SSD yake (disiki yosungiramo zinthu) n'kuilumikiza ku kompyuta yanga ndi chingwe cha SATA cholowa pa USB. Sindikufuna kuyatsa kompyuta yangayo ndi flashi yoikira Linux chifukwa ndikuopa kuti GRUB, pulogalamu yoyambitsa Linux, ingakalembedwe pa disiki ya Windows, momwe muli malipoti onse a ophunzira, ndiye ndikuganiza zoipereka SSD yonse kwa VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa makina ongoyerekezera m'kati mwa kompyuta yeniyeni, kuti makina a m'katiwo asaone disiki ina iliyonse. Kodi ndikaibwezera mu laputopu idzayaka? Nanga ndisamale pati?

Yankho: Zimatheka ndithu, aphunzitsi, koma nambala ya disiki ndiyo yofunika kuisamala kwambiri. Tsegulani Disk Management, muone kukula kwa SSD yo, ndipo mutsimikize ngati ndi Disk 1 kapena Disk 2 (ndiye kuti PhysicalDrive1 kapena PhysicalDrive2), chifukwa nambalazi zimatha kusintha mukazula chingwe n'kuchibwezera, ndipo mukalozera disiki yolakwika mudzafufuta Windows yanu yomwe. Kenako muiike offline, mutsegule VirtualBox ngati administrator, n'kupanga kafayilo ka VMDK koloza ku disikiyo. Kale tinkalemba createrawvmdk, koma kuyambira VirtualBox 7.0 lamulo lake ndi VBoxManage createmedium. Magetsi akamavuta, dikirani batire lidzaze musanayambe.

Yankho lina: Ndiwonjezereko pa funso loti idzayaka kapena ayi. Yang'anani kaye ngati laputopuyo imayaka ndi UEFI (njira yatsopano yoyatsira kompyuta) kapena ndi BIOS yakale, ndipo makina a mu VirtualBox muwakonze chimodzimodzi. Ngati ndi UEFI, chongani pa Enable EFI musanayambe kuika. Dziwaninso kuti cholozera chouza makina poyambira akamayaka chimatsala m'makina a VirtualBox, sichisamuka ndi disiki, choncho musanazule SSD muonetsetse kuti fayilo ya BOOTX64.EFI ilipo mu foda ya EFI/BOOT, poti laputopu ikasowa cholozera imakafufuza kumeneko. Guest Additions, mapulogalamu owonjezera a VirtualBox, musaike, alibe ntchito pa makina enieni.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ndayang'ana, laputopuyi ndi ya UEFI. Chikundidetsa nkhawa tsopano ndi Wi-Fi, chifukwa khadi yake ndi ya Broadcom, yomwe VirtualBox siidzaiona, ndipo popanda USB sindingalumikize foni kuti nditsitse dalaivala. Kodi ndiitsitsiretu ndili mu VirtualBox momwemo, kapena ndikabwereke chingwe cha Ethernet kuti ndikagwiritse ntchito Driver Manager, pulogalamu ya Linux Mint yoikira madalaivala, SSD ikalowa mu laputopu?