Batani losamutsira windo ku desktop ina liikidwe pati?

Kambewa22:
Abale, pa Openbox, pulogalamu yoyendetsa mawindo pa Linux, ndikufuna mabatani awiri pa title bar: loti windo lizioneka pa ma desktop onse, ndi lolisamutsira ku desktop ina. Ndiyambire pati?

Nkhwazi:
Loyambalo lilipo kale, achimwene. Mu rc.xml, fayilo ya makonzedwe a Openbox, pezani titleLayout, mupeza NLIMC; chilembo chilichonse chikuimira chinthu chimodzi pa title bar. Onjezani D, chilembo cha batani limeneli, ikhale NDLIMC, kenako lembani openbox --reconfigure mu terminal. Koma chonde musaliike moyandikana ndi C, batani lotsekera windo. Mabataniwa ndi ting'onoting'ono, mbewa ikaphonya pang'ono windo latsekeka ndi ntchito yomwe. Ndiye liikeni kumanzere. Chithunzi chake chizisinthanso likadinidwa, apo ayi munthu sadziwa ngati lagwira.

MaiTux:
Lachiwirilo Openbox ilibe, ndipo ndi bwino choncho. Batani limodzi silinganene kuti windo lipite ku desktop iti mwa zinayi. Mndandanda wake uli kale mu menyu ya N, kachithunzi ka windo kakumanzere kaja. Pa kiyibodi gwiritsani lamulo la SendToDesktop mu rc.xml, ndipo follow muike no ngati simukufuna kulitsatira. Olemba mapulogalamu awoawo pa X11, dongosolo loonetsa mawindo, asamale: _NET_WM_DESKTOP, nambala ya desktop imene windo lili, imawerenga kuyambira 0, choncho 2 ndi desktop yachitatu. Apa mpamene ambiri amasokonekera. 0xFFFFFFFF ndiye ma desktop onse.

Nkhwazi:
Zoona mayi. Chinanso, mapulogalamu a GNOME, dongosolo lina la desktop pa Linux, amajambula okha title bar yawo, ndiye D yanuyo sioneka pamenepo. Pa amenewo dalirani kiyibodi basi.