Kodi buku la tinkhani tam'mbali ndigule kapena ndisake lachinayi?

Mayi wa ku Senga Bay:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndikulera mwana wa mchemwali wanga, ali Fomu 2. Wakonda kwambiri mabuku achingerezi otsatizana aja a matsenga, mafumu ndi atsikana omenya nkhondo ndi lupanga. Atatu oyamba ndinawapeza kwa ogulitsa mabuku akale ku Lilongwe, ndipo amawerenga ndi tochi mpaka ndimachita kumulanda. Tsopano akulirira lina, lomwe wolemba yemweyo anasonkhanitsamo tinkhani tifupitifupi ta anthu a m'nkhanimo: ubwana wa mlonda wa mfumu, komwe mfiti ina ya m'nkhanimo inachokera. Nkhani yeniyeniyo siyipita patsogolo m'menemo. Ndalama yanga ndi ya usipa, sindingagule onse awiri, limeneli ndi lachinayi lopitiriza nkhaniyo. Kodi timeneti timawonjezeradi kanthu?

Mphunzitsi wa ku Khombedza:
Mayi, choyamba zikomo pomugulira mwana mabuku. Tinkhani timeneti amatitcha novella, nthawi zambiri mawu ake amakhala pakati pa 17,500 ndi 40,000. Tambiri timayamba kutuluka pa intaneti kuti owerenga asazizire podikira buku lotsatira, kenako n'kudzatimanga pamodzi. Ine ndinawerengapo kamodzi kotere kamene kanandisintha maganizo. M'buku lalikulu mpangankhani wina ndinkadana naye, koma nditaona momwe mudzi wake unawotchedwera ali mwana, ndinabwerera n'kuwerenganso zonse ndi maso ena. Buku lalikulu limathamanga ndi mwininkhani, silipeza mpata woima pa anthu otere.

Mnyamata wa ku Chipoka:
Aphunzitsi, pepani nditsutseko. Ngati mbiri ya munthuyo inali yofunika, bwanji sanayiike m'buku lenilenilo? Kundigulitsa padera kumandiwawa. Ndiwo zimabwera limodzi ndi nsima. Mayi, gulani lachinayi.

Mphunzitsi wa ku Khombedza:
Achimwene, pamenepo mwanena zoona pa tina. Koma agogo akamatiuza za Kalulu sankayamba kubadwa kwake. Usiku uliwonse inali nthano yakeyake, ndipo tinamudziwa Kalulu chifukwa cha kuchuluka kwa nthanozo. Chenjezo langa ndi limodzi: onani chaka chomwe bukulo linatuluka. Ngati linabwera pambuyo pa lachinayi, likhoza kumuululira mwana amene adzafe.

Mayi wa ku Senga Bay:
Zachakazo sindinaziganizire. Ndamufunsa, akuti linatuluka pambuyo pa lachinayi. Ndiye Loweruka ndikwera minibasi pa Kamuzu Road kukasaka lachinayi. Linalo ndamulonjeza akakhoza mayeso a JCE, ndipo wandiuza kuti tidzawerengera limodzi nkhani ya mlondayo, chifukwa ndi amene amamukonda kuposa onse.