Masiku anayi pa St Helena: zigubu, ndiwo ndi masitepe 699

Kaputeni wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Bwato la matanga, anthu anayi, kuchokera ku Cape Town, kuima masiku anayi pa chilumba cha St Helena, kenako ulendo wa ku Salvador ku Brazil, mamailosi a panyanja pafupifupi 1,900. Thanki ndi ya malita 300, makina ochotsa mchere m'madzi mulibe. Anyamata akufunanso kuona chilumba. Masikuwa tiwagawe bwanji?

Kaputeni wamkulu: Amene agawe masikuwo ndi mafunde, a kaputeni, osati inu. Ku James Bay, doko la tauni ya Jamestown, bwato limatsala pamadzi, pa nangula kapena pa mooring (choyandama chomangirapo bwato) ngati ilipo, inu mumaitana kabwato konyamula anthu pa wailesi ya VHF. Potsikira pa Jamestown pali masitepe ndi zingwe zolendewera: mumadikira funde likukwezeni, n'kugwira chingwe, n'kuponda. Miyezi ya Disembala mpaka Malichi kumabwera mafunde aakulu ochokera kumpoto ngakhale mphepo ili zii, ndipo potsikirapo pamavuta. Choncho tsiku loyamba limene nyanja yagona likhale la zigubu. Phiri silithawa.

Musanayambe zonsezo, kwezani mbendera yachikasu yosonyeza kuti mwangofika kuchokera kunja, mukaonekere kwa a doko, a kasitomu ndi a zolowa ndi kutuluka. Pepala la inshuwalansi ya zachipatala likhale pafupi. Uchi usatsike m'bwato, saloleza poteteza njuchi zawo.

Makaniko: Tiwerengere madzi. Ulendowo muuike pa masiku 20, kuopa kuti mphepo ingafooke. Malita 5 pa munthu patsiku, kumwa ndi kuphika, anthu anayi, ndi malita 400. Thanki ikuperewera ndi 100, ndiye zigubu zisanu za malita 20. Zisanuzo musazikhuthulire m'thanki, zimangeni padera, chifukwa paipi ikang'ambika pampu imatha kukhuthulira madzi onse a m'thanki pansi m'bwato usiku umodzi.

Pa masitepe paja chigubu chodzaza ndi makilo 20, si choti munthu adumphe nacho. Mangani chingwe pachogwirira, mmodzi pamwamba, wina m'kabwato, muzipatsirana funde likafika pamwamba. Tsekani molimba n'kusiya kampata ka mpweya, kuti chikagwera m'nyanja chiyandame. Madzi okayikitsa, madontho awiri a bulitchi wopanda fungo lonunkhira pa lita, mudikire mphindi 30. Dizilo azidutsa pa fanelo ya sefa yolekanitsa madzi, ndipo zigubu zake zikhale za mtundu wina.

Wophika: Pa zakudya musanyengeke ndi mashelufu. Katundu wambiri amabwera pa sitima, ndiye sitimayo ikangotsitsa zinthu zaziwisi zimatha msanga. Funsani tsiku lomwelo lofika kuti yafika liti, ndiponso alimi a pachilumba amabweretsa liti zokolola m'tauni. Mpunga, ufa, nyemba ndi zam'zitini zichokere ku Cape Town, apa n'pongowonjezera.

Chinthu chimene chinakhalapo m'firiji chikatuluka chimaola m'masiku ochepa, choncho sankhani zolimidwa pomwepo: maungu, kabichi, anyezi, mbatatesi, tomato wosapsa. Anyezi ndi mbatatesi zisagone pamodzi, mbatatesi zimamera. Nthochi zikhale patali, zimapsetsa zinzake. Kabichi musamudule pakati, muzisenda tsamba ndi tsamba. Mazira osatsuka, osalowa m'firiji, muziwatembenuza masiku awiri kapena atatu alionse. Makatoni onse atsale kumtunda, m'mikwingwirima yake ndi momwe mphemvu zimaikira mazira.

Makaniko: Ndiye ndiwo zigulidwe tsiku lomaliza, eti mayi?

Wophika: Ayi bambo, apo ndikana. Kwina kulikonse zikadatero, koma pachilumba chotere mukaona kabichi lero, gulani lero. Mawa mupeza shelufu ili mbee. Buledi yekha ndiye wa tsiku lonyamuka. Ndalama zogwirika zikhalenso m'thumba, mapaundi a St Helena kapena a ku Britain, mphamvu yake ndi imodzi. Otsala a St Helena muwamalize konko, kunja n'ngovuta kusintha.

Kaputeni wamkulu: Zokaona malo zimakwana tsiku limodzi mukapangana ndi wa galimoto. Longwood House, kumene Napoleon, mfumu yakale ya ku France, anakhala kuyambira 1815 mpaka imfa yake mu 1821, mufunsiretu nthawi yolowera ku ofesi ya zokopa alendo. Ku Plantation House, nyumba ya bwanamkubwa, kuli kamba wotchedwa Jonathan, amene akuti anaswedwa cha m'ma 1832. Ofuna nkhalango apite ku phiri la Diana's Peak, koma mitambo ikaphimba saona kanthu.

Jacob's Ladder ili m'tauni momwemo, masitepe 699. Miyendo imene yakhala milungu iwiri pabwato imauma kwa masiku awiri ikakwera pamenepo, ndiye asakwere zigubu zisanathe.

Kaputeni wofunsa: Zamveka. Nanga bwato tingalisiye lokha tsiku loyendalo?

Makaniko: N'zotheka, nyanja ikakhala bwino. Ngati muli pa mooring, zingwe zikhale ziwiri, chilichonse chichoke pa cleat yake (chitsulo chomangirapo chingwe pabwato) n'kubwerera pomwepo. Chingwe chimodzi chodutsa mumphete kuchoka mbali ina kupita ina chimachekeka pamene bwato likugwedezeka. Pokhudzana ndi bwato vekani zidutswa za paipi ya pulasitiki. Tsekani gasi ndi mavavu a pansi, pampu ya madzi olowa ikhale pa auto kuti izidziyatsa yokha. Ndipo funsani wa kabwato nthawi ya ulendo wake womaliza madzulo musanakwere galimoto.