Ndani akukumbuka wailesi yopanda mabatire?

Chemwali_wa_Mawaya: Abale, ndili mwana achimwene anga anapanga kawailesi kopanda batire ngakhale limodzi. Ndikukumbuka waya wamkuwa wokulungidwa pa kapaipi, kadayodi ka galasi ndi kachipangizo koika m'khutu. Mawu ankamveka pansipansi, tinkachita kulandirana khutu. Ndikufuna ndipange ndi mdzukulu wanga. Kodi mphamvu yake inkachokera kuti?

Mkonzi_Wakale: Mayi, mphamvu imachokera m'mafunde a wailesi omwewo. Eriyo imawakola, koyilo (waya wokulungidwa pa kapaipi uja) imasankha siteshoni, dayodi n'kutulutsamo mawu. N'chifukwa chake eriyo iyenera kukhala yaitali ndithu. Yanga ndinkaimanga kuchoka padenga mpaka pamtengo, waya wina n'kuumangirira ku chitsulo chokhomera m'dothi lonyowa. Dothi likauma mawu ankazilala, ndiye ndinkathirapo madzi. Dayodi funani ya germanium, monga 1N34A, chifukwa ya silicon imafuna mphamvu yochulukirapo kuti iyambe kugwira ntchito. Mahedifoni a foni sangakuthandizeni, pezani kachipangizo koika m'khutu kotchedwa crystal earpiece.

Kamphepo: Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse asilikali ena analibe dayodi, ankagwiritsa ntchito lezala ndi mtima wa pensulo. Ine ndinayesapo ndi lezala ladzimbiri. Umayendetsa nsonga ya pensulo pang'onopang'ono mpaka mawu atulukire, koma wina akangogwedeza tebulo, basi athawa!

Mkonzi_Wakale: Zoonadi achimwene. Komanso mayi, imeneyi imakola AM, osati FM. Muyambe mwafufuza ngati kwanuko siteshoni ya AM ikadalipo. Mukayese usiku, mafunde ake amafika patali dzuwa likalowa. Kukayamba ziphaliwali muchotse eriyo msanga.