Gamba ikumira mu suite ya Telemann, tithandizeni

Tiyamike: Akuluakulu, tili pa vuto. Tikukonzekera Ouverture (suite, nyimbo ya zigawo zingapo) ya Telemann, wopeka nyimbo wa ku Germany, ya mu D major, ija ya viola da gamba (choimbira cha nsambo choliza ndi uta, chogwira pakati pa miyendo) ndi zoimbira zina za nsambo, nambala yake TWV 55:D6. Mayi amene akuimba gamba atchuna noti ya A pa 415 Hz, motsikirapo, ife a ma violin tili pa 440. Tawapempha kuti akweze, akanitsitsa, akuti nsambo yapamwamba iduka. Chinanso, tikafika pa chigawo cha La Trompette gambayo sikumveka n'komwe.

A Mwale: Mayiwo akunena zoona, musawakakamize. Nsambo zawo n'zamatumbo a nkhosa, ndipo ya D yapamwambayo ndi yowonda kwambiri, mukaikoka mopitirira imathothoka muli pakati pa nyimbo. Tsikani inuyo. Pakati pa 440 ndi 415 pali semitone imodzi basi, ngati kuchoka pa D kufika pa C sharp. Mutsitse ma violin kudakali masiku, chifukwa poyamba nsambo zimayendayenda zisanakhazikike.

Tiyamike: Nanga harpsichord, choimbira chathu cha kiyibodi chija?

Chisomo: Yang'anani m'mbali mwa kiyibodi, achemwali. Ngati pali kathabwa kochotseka kumanzere, kachotseni, mukankhire kiyibodi yonse kumeneko pang'onopang'ono. Koma musaganize kuti mwamaliza. Ngati inatchunidwa mwa Vallotti, katchunidwe kamene ma semitone ake sakhala ofanana, batani la D tsopano likuliza nsambo imene inali C sharp, ndiye D major yanu imveka yowawasa, makamaka pa F sharp. Mukasuntha, itchuneninso yonse.

Madalitso: Ine ndiye ndingapereke gawo la gambalo kwa wa cello, nkhani ithe.

A Mwale: Ayi achimwene, pamenepo mwaipha nyimbo. Gamba ili ndi nsambo zisanu n'imodzi, D G C E A D, yoyamba ndi yomaliza zonse D, n'chifukwa chake D major imalira momasuka chonchija. Telemann chida chimenechi ankachidziwa bwino, mpaka mu 1735 ali ku Hamburg anasindikiza ma fantasia 12 a gamba yokha, aja anapezekanso mu 2015. Za kumirazo, vuto ndi kuchuluka kwanu. Gamba ikalowa yokha, pa gawo lililonse pazitsala munthu mmodzi, enawo azidikira mpaka tutti, pamene onse amalowa pamodzi. Mayiwo akhale kutsogolo, pa thabwa, osati pa kapeti.

Chisomo: Komanso mafuleti a gamba, tizingwe ta pa khosi pake topangira manoti, ndi omanga, amasunthika ndi chala. Harpsichord ikatchunidwa, apatseni mayiwo nthawi yoti awafananitse nayo pa F sharp ndi C sharp. Muholo mukakhala chinyezi, mudzatchunenso musanayambe chigawo cha Sarabande, omvera sadandaula.

Madalitso: Maikolofoni bwanji?

A Mwale: Yesani kaye kuchepetsa anthu. Zikakanika tidzakambirana.

Tiyamike: Ndakayang'ana, kathabwako kalipo, ndipo kali kumanzere. Koma kiyi wotchunira sakuoneka m'bokosi. A Chisomo, mungabwere ndi wanu Loweruka m'mawa?

Chisomo: Ndibwera naye. Muyang'ane ngati mapini ake ndi amakona anayi kapena afulati, mundiuze ndisananyamuke.