Ndani akudziwa mbiri ya siteshoni ya sitima ya ku Chiromo?

Muli bwanji nonse abale? Ndikufuna thandizo pa mbiri ya siteshoni ya ku Chiromo, m'boma la Nsanje, pomwe Ruo amathira mu Shire. Malemu agogo anga aamuna ankagwira ntchito pamenepo, ndipo anatisiyira chipewa chawo cha yunifolomu ndi chithunzi chimodzi chofwifwa, ataima pafupi ndi njanji.

Ndikudziwa kuti njanjiyi ndi ya Shire Highlands Railway, yomwe inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald (dzina lakale la tauni ya Nsanje), komanso kuti madzi osefukira anaidula cha ku Chiromo komweko mu 1997. Pa intaneti ndangopeza zomwezi. Ndinafunsa amalume, koma iwo amangokumbukira nsomba zouma ndi nzimbe zomwe amayi ankagulitsa pa mawindo a sitima. Ndinakafikanso kulaibulale ina, ndinabwerako chimanjamanja.

Kodi alipo amene anakwerapo sitima pa Chiromo, kapena amene makolo awo ankagwira ntchito ya njanji? Nyumba ya siteshoniyo inamangidwa liti, ndipo ikadalipo? Nanga mabuku a mayina a antchito akale ndingakawapeze ku National Archives ku Zomba? Ngakhale chithunzi chokha chindithandiza. Zikomo.