Thandizo la ndalama zosamalira nkhalango ya mudzi tingalipeze kuti?

Akuluakulu ndi abale nonse, ndithandizeni nzeru. Ndili m'komiti ya zachilengedwe ya mudzi wathu kuno ku Macanga m'dziko la Mozambique, kufupi ndi Furancungo. Mfumu idatipatsa phiri kuti tilisunge. Tidaletsa kuwotcha makala, timalambula njira zotchinga moto chaka chilichonse, ndipo milombwa yayambanso kuphukira pazitsa. Koma zonsezi tikuchita ndi manja okha. Anyamata olondera amayenda ndi nkhwaira, ming'oma ya njuchi ndi ya makungwa, pomwe makungwawo ndi omwe tikuletsa anthu kusenda!

Lamulo la Mozambique limati 20 peresenti ya misonkho ya mitengo ndi nyama ibwerere kwa anthu a m'deralo, bola komiti ikhale yolembetsedwa ndiponso ili ndi akaunti kubanki. Inu amene mudalandirapo, mapepala mudayambira kuti, ndipo zidatenga nthawi yaitali bwanji? Nanga ngati kwathu kulibe kampani yodula mitengo, kodi pali chomwe tingalandire?

Inu a Tchuma Tchato, ntchito ya anthu a m'midzi yosamalira zachilengedwe ku Mágoè, mwakhalitsa m'zimenezi, tiuzeniko. Komanso, kodi BIOFUND, bungwe lopereka ndalama zotetezera zachilengedwe ku Mozambique, imathandiza komiti ya mudzi mwachindunji, kapena mpaka tidzere kubungwe lina? Mwa ife wolemba Chipwitikizi bwinobwino ndi mmodzi yekha.